Buku lako lili pa Amazon, nanga ku Kawale lili pati?

Pali chizolowezi chimene chafala pakati pa ife achinyamata olemba mabuku, ndipo ine chanditopetsa. Munthu akamaliza kulemba ndakatulo kapena nthano yake, amaiika pa Amazon, n'kulengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti buku latuluka ndipo likupezeka dziko lonse lapansi. Timamuwombera m'manja, timamutcha mlembi, ena mpaka kuika chikuto cha bukulo pa sitetasi. Koma tamufunseni kuti, "Achimwene, ine ndili ku Kawale, ndikaligula pati?" Akutumizirani linki. Mukaitsegula mupeza mtengo uli m'madola, ndipo mukafika pamtengo wotumizira mungotseka foni n'kukagona. M'dziko lonse lapansi limene akunenalo Malawi mulibe.

Mfundo yanga ndi iyi: buku limene anthu a kwanu sangathe kuligwira m'manja silinatuluke kwanuko. Njira yosindikiza buku limodzilimodzi kunja, imene amati print-on-demand, anaikonzera munthu wokhala pafupi ndi makina osindikizirawo. Ife tikaitenga ngati njira yathu yoyamba, timasandutsa buku lolembedwa ku Biwi kukhala katundu wapamwamba wochokera kunja, wodula kwambiri.

Tiyeni tiyambe ndi mmene njirayi imayendera, chifukwa nzeru yake ndi yabwino ndithu. Kale munthu ankayenera kusindikiza mabuku mazanamazana nthawi imodzi, kulipiriratu, kenako n'kumawasunga kunsi kwa bedi mpaka chiswe chiwapeze. Masiku ano umangotumiza fayilo ku kampani monga Kindle Direct Publishing ya Amazon, IngramSpark kapena Lulu, ndipo buku limasindikizidwa pokhapokha wina akaligula. Mlembi salipira chilichonse poyamba, ndipo palibe katundu wotsalira. Kwa mlembi wa ku Ohio kapena ku Manchester ndi mwayi waukulu, chifukwa makina ali m'dziko lake lomwelo ndipo positi imafika pakhomo pake m'masiku ochepa.

Koma makinawo ali kuti? A Amazon amasindikiza ku America, ku Canada, ku Britain, m'maiko ena a ku Ulaya, ku Japan ndi ku Australia. A Ingram ali ndi makina akuluakulu ku Tennessee, ku Milton Keynes ndi ku Melbourne. Kuchoka kumeneko kufika ku Area 23 pali nyanja, ndipo ife doko tilibe. Katundu wathu wapanyanja amatsikira ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, kenako n'kuyenda pamsewu kapena panjanji. Njira imeneyo ndi yotchipa ngati mwadzaza kontena, koma palibe amene amaika buku limodzi m'kontena. Buku limodzi limakwera ndege, n'kusintha ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, lisanatere pabwalo la Kamuzu. Ngakhale njira yakale ya positi yapanyanja, imene inkatenga miyezi koma pamtengo wotsika, a positi a ku America anaithetsa mu 2007.

Apa ndiye pagona nkhani. Chimene chimakometsa njirayi, chosindikiza buku limodzi basi, n'chomwechonso chimene chimatipha. Makampani otumiza katundu ali ndi mtengo woyambira umene umalipira ngakhale phukusi likhale lopepuka bwanji. Buku la masamba 200 limalemera pafupifupi magalamu 300, koma limasenza lokha mtengo wonse wa phukusi, wa ndege, wa mapepala a pamalire ndi wa galimoto yodzakusiyira. Mabuku 2,000 a m'kontena amagawana mtengowo, ndipo lililonse limangosenza kachidutswa.

Tiyeni tiwerengetsere, poti tonse tinakhoza masamu a MSCE. Malinga ndi mitengo imene Amazon inakhazikitsa mu 2023, kusindikiza buku la zilembo zakuda la masamba 200 ku America ndi dola imodzi kuphatikiza masenti 1.2 patsamba lililonse, zonse pamodzi madola 3.40. Mukaligulitsa pa madola 9.99, gawo lanu ndi 60 pelesenti, kutanthauza madola 5.99, ndipo mukachotsapo za kusindikiza mumatsala ndi madola 2.59. Sizinathe. Dziko la Malawi lilibe pangano la misonkho ndi America, choncho pa buku lililonse logulidwa kumeneko amadulapo 30 pelesenti musanalandire. Zotsala ndi madola 1.81. Pamtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750 padola, imeneyo ndi ndalama yongopitirira K3,000 pang'ono. Ndipo chiyambire June 2025, mukatsitsa mtengo wa buku kuchepera madola 9.99 kuti anthu akwanitse, gawo lanu limatsika kufika 50 pelesenti.

Tsopano tione mbali ya wogula. Tingoyerekeza kuti kutumiza bukulo kufika ku Lilongwe ndi madola 20, ndipo amene anafunsapo mitengo ya makampani otumiza mwachangu akudziwa kuti ndawachitira chifundo. Wogula alipira madola 30, amene ndi K52,500 pamtengo wa kubanki. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K90,000 pamwezi. Ndiye kuti mlonda wa ku Mgona agwire ntchito masabata awiri ndi masiku ena kuti awerenge ndakatulo za mwana wa mnansi wake. Pa madola 30 amenewo, mlembi wathu wapeza osakwana awiri. Zotsalazo zapita kwa eni makina, eni ndege ndi boma la America. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komatu mtengo wa kubankiwo ndani amaupeza? Kwacha inagwa ndi 25 pelesenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 pelesenti mu November 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Kuyambira pamenepo ndalama zakunja zakhala zikusowa moti ngakhale mafuta a galimoto ndi mankhwala a m'zipatala amachita kulimbirana. Mabanki amachepetsa ndalama zimene khadi lingalipire kunja, ndipo amene atopa ndi kudikira amathera kwa mavenda a ndalama, kumene dola yakhala ikugulitsidwa pamtengo wowirikiza kawiri kapena kuposa. Wowerenga wamba wa ku Chinsapo alibe n'komwe khadi la Visa. Ali ndi Airtel Money kapena Mpamba, ndipo Amazon salandira zimenezo.

Tinene kuti zonsezi mwazigonjetsa. Fomu ikufunsa nambala ya nyumba ndi dzina la msewu. Mulemba chiyani? Kwathu timalondolerana kuti mukatsika pasiteji mulowere kumanzere, mudutse chigayo, nyumba yachitatu kuseri kwa mjigo, geti lobiriwira. A MACRA akhala akuyendetsa ntchito yopereka maina a misewu ndi manambala a nyumba, koma m'makwalala ambiri a m'makomboni athu wodzasiya katundu amadalirabe kuimba foni. Mapeto ake mumabwereka bokosi la positi la tchalitchi kapena la kuntchito kwa amalume, kapena mumakwera minibasi kukatenga nokha phukusi m'tauni. Imeneyo ndi ndalama inanso imene linki ija sinakuuzeni.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndimachiona pamiyambo yokhazikitsa mabuku. Ndakhalapo pamwambo wina m'holo ya tchalitchi ku Area 25, pamene mlembi anali ndi mabuku khumi okha, amene anabwera m'sutikesi ya msuweni wake wochokera ku Britain. Loyamba analigulitsa mokweza mtengo kwa mlendo wolemekezeka, monga mwa mwambo wathu. Ena anatenga akuluakulu a kutsogolo. Ife ophunzira, amene bukulo limakamba za moyo wathu, tinangojambulitsa nalo n'kulibweza patebulo. Amayi ake a mlembiyo anavina, anthu analulutira, koma palibe wa m'dera lawo amene anapita nalo kunyumba. Lotsatira lidzabwera msuweniyo akadzabweranso pa Khirisimasi. Kodi ntchito ya mabuku ya dziko lathunthu ingayendere tchuthi cha achibale?

Mbiri yathu ikanayenera kutichenjeza. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, linatuluka ku London mu 1981, ndipo patapita zaka zochepa boma la nthawiyo linalichotsa m'masitolo ndi m'malaibulale a kuno, mwini wake n'kumangidwa mu 1987. Azungu ankaliwerenga momasuka pamene Amalawi ankachita kubisa. Nthawi imeneyo chotchinga chinali boma. Lero palibe wapolisi amene akuletsa buku lanu. Mwalitsekera nokha kunja, ndipo mlonda wake ndi mtengo wa ndege. Zotsatira zake n'zofanana: mawu a Mmalawi akumveka kutali, kwawo kuli zii.

Onaninso chodabwitsa china. Mabungwe monga Book Aid International amatumiza mabuku ambirimbiri ku National Library Service, ndipo amabwera ochuluka nthawi imodzi, motero mtengo wa lililonse ndi wochepa. Sindikunyoza mphatso imeneyi, ambiri tinakulira pamabuku otere. Koma tanthauzo lake n'lakuti mwana wa ku Kawale apeza mosavuta nthano ya mwana wa ku London kusiyana ndi nthano yolembedwa ndi mchemwali wake wa kuseri kwa msika. Ndiye mawa tizidabwa kuti ana athu akuganiza kuti mabuku amalembedwa ndi azungu okha?

Palinso nkhani ya nambala ya buku, ya ISBN. Amazon amapereka yaulere, ndipo ambiri amaithamangira. Koma nambala imeneyo imagwira ntchito kwa iwo okha, ndipo pamalo pa dzina la wosindikiza amalembapo mawu awo osonyeza kuti mlembi wadzisindikizira. Kuno kwathu manambalawa amaperekedwa ndi National Archives ku Zomba, komwenso lamulo limafuna kuti buku losindikizidwa m'dziko muno likasungidwe. Buku limene lili pakompyuta ya kampani ya ku Seattle yokha, Zomba sakulidziwa. Kampaniyo ikadzatseka akaunti yanu, kapena inu mukadzatisiya pasiwedi ili m'mutu, wofufuza wa zaka 50 zikubwerazi adzalipeza kuti?

Ndikudziwa zimene anzanga ayankhe, ndipo zina mwa izo n'zomveka.

Choyamba ati osindikiza a kuno ndi odula, amafuna ndalama zonse poyamba, ndipo ena ntchito yawo ndi yosalongosoka: guluu wosagwira, masamba othothoka, zilembo zofufutika. N'zoona, ndipo chifukwa chake chimadziwika. Mapepala, inki ndi zipangizo za makina zonse zimachokera kunja, ndipo zimafuna madola omwe aja. Magetsi akazima amayatsa jenereta, mtengo wa dizilo n'kulowa m'buku lanu. Komabe mapepala amabwera ochuluka, panyanja ndi pamsewu, osati tsamba limodzilimodzi pandege. Ngakhale wosindikiza wa kuno atakulipiritsani kuwirikiza kawiri mtengo wa ku America, buku lake lidzafika m'manja mwa wowerenga motchipa kuposa lija lokwera ndege. Ndipo likatuluka lopindika mukhoza kukwera kabaza n'kukamuonetsa maso ndi maso. Lochokera kutsidya la nyanja likafika lonyowa mukadandaula kwa yani?

Tisamayankhule ngati kuno kulibe makina. Anthu a ku Chinsapo amakhala moyandikana ndi Likuni Press, imene yakhala ikusindikiza mabuku ndi nyuzipepala ya Odini kwa zaka zambirimbiri. Ku Balaka kuli a Montfort, ku Nkhoma kuli makina a mishoni, ku Blantyre kuli makampani akuluakulu, ndipo m'tauni muno muli timashopu tambiri ta makina amakono otha kutulutsa mabuku 50 kapena 100. Nthondo ya Samuel Josia Ntara inatuluka m'Chichewa mu 1933, ndipo ya Chingerezi inatsatira ku London mu 1934. Agogo athu anayamba ndi owerenga a kwawo, akunja n'kubwera pambuyo. Ife taitembenuza, ndiye tikuti ndi chitukuko.

Chachiwiri ati ndalama zoyambira alibe, n'chifukwa chake anathawira kwaulere. Koma zaulerezo zili pati? Ambiri amalipira anthu odzitcha akatswiri kuti awaikire buku pa intaneti, ntchito imene munthu angaphunzire Loweruka limodzi. Kenako amaitanitsa mabuku awoawo pamtengo wa ndege kuti akhale ndi choonetsa pamwambo. Ndalama imeneyo ikanakwana kusindikiza mabuku makumi angapo konkuno. Ndiponso ife Amalawi kusonkha timakudziwa. Timasonkha za ukwati, za maliro, za chinkhoswe, tili ndi zipereganyu ndi mabanki m'khonde. Chingalephereke n'chiyani kuti anthu 60 alipiriretu buku pa Mpamba, mlembi n'kutenga ndalamazo kupita nazo kwa wosindikiza? Ngati simungapeze anthu 60 okhulupirira ntchito yanu ku Lilongwe, musaganize kuti muwapeza ku Texas, kumene buku lanu likupikisana ndi mamiliyoni ena ndipo palibe akudziwani.

Chachitatu ati tingogulitsa la pafoni, nkhani ya ndege ithe. Njira imeneyi ili ndi malo ake, ndipo ine ndimawerenga zambiri pafoni. Koma tonse tikudziwa zimene zimachitikira fayilo ya PDF ikalowa m'gulu limodzi la WhatsApp: wagula mmodzi, awerenga mazana. Komanso sukulu ya sekondale yoyendera ku Mgona singaike PDF pashelefu, ndipo agogo anu sawerenga pagalasi losweka la foni ya batire lakutha. Buku la mapepala limabwerekedwa, limayenda nyumba ndi nyumba, silifuna bandulo.

Chachinayi ati nanga Amalawi a kunja? Apa ndikuvomereza ndi mtima wonse. Kwa mlongo wanu wa ku Leeds kapena ku Indiana, njira ya Amazon ndi yabwino zedi, chifukwa makina ali pafupi naye. N'zimenenso amachita a African Books Collective a ku Oxford, bungwe limene osindikiza a mu Africa anakhazikitsa okha: amatenga mabuku a Kachere, Mzuni Press ndi Luviri Press, n'kumawasindikiza limodzilimodzi kunjako kuti agulitse kwa akunja. Iwo anaimvetsa nkhaniyi. Makina a kunja ndi a msika wa kunja. Ndipo kwa abale athu ambirimbiri a ku Joni, katoni ya mabuku ikhoza kukwera basi yomweyo imene imanyamula ufa ndi usipa kudutsa ku Tete ndi ku Beitbridge.

Tsono ndikupempha chiyani?

Kwa alembi anzanga: musanalengeze, werengetsani ndalama imene munthu wa pamsewu wanu alipire kuti buku lifike m'manja mwake. Tengani ISBN ku Zomba. Sindikizani ochepa konkuno, muyambe mwaona buku limodzi lachitsanzo musanalipire zonse, ndipo funsani mitengo kwa osindikiza atatu kapena anayi. Ikani mtengo m'makwacha ndi nambala yolipirira pafoni. Siyani mabuku angapo kushopu ya mabuku, kutchalitchi, kulaibulale ya kusukulu kwanu. Mukatero, ikani fayilo yomweyo pa Amazon kuti a kunja nawo apeze. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kwa a Malawi Writers Union, a COSOMA ndi bungwe la osindikiza mabuku: mlembi mmodzi wofuna mabuku 50 alibe mphamvu pokambirana mtengo, koma alembi 20 obwera pamodzi ali nayo. Sonkhanitsani ntchito zathu, gulani mapepala pamodzi, tiuzeni poyera osindikiza amene ntchito yawo ndi yodalirika. Pa ndalama zimene mumathandizira aluso, ikani gawo la kusindikiza ndi kufalitsa mabuku. Misonkhano ya m'mahotela yakwana.

Kwa masukulu athu a ukachenjede: chaka chilichonse ophunzira a ku Bunda, ku Chancellor, ku MUBAS ndi ku Mzuni amalemba kafukufuku amene amathera m'makabati. Makina amodzi abwino osindikizira ndi omatira mabuku, oyendetsedwa mwachilungamo ndi otsegukira anthu wamba, angachite pano chimene Amazon imachita kutsidya: buku limodzi, tsiku limodzi, kulipira m'makwacha. Nzeru ya print-on-demand ilibe vuto. Chofunika n'chakuti makinawo akhale ku Lilongwe.

Kwa boma: mu 1950 maiko anagwirizana pansi pa UNESCO, m'pangano la ku Florence, kuti mabuku asamalipiritsidwe msonkho wa pamalire, poti nzeru siziyenera kutsekeredwa pachipata. Mzimu womwewo ufike pa mapepala ndi inki zopangira mabuku konkuno. Msonkho uliwonse umene uli pazipangizo zimenezi ndi chilango kwa wosindikiza wa ku Likuni ndi mphatso kwa wa ku Tennessee. A Malawi Posts Corporation nawo akhale ndi mtengo wapadera wotumizira mabuku m'dziko muno, kuti buku lochokera ku Area 23 lifike ku Chitipa ndi ku Nsanje popanda kupempha kondakitala wa basi. Ndipo National Library Service ipatsidwe ndalama zogulira mabuku a Amalawi chaka ndi chaka, isamangodikira makatoni a mphatso.

Ena ati ndikuchita nsanje ndi anzanga amene mabuku awo ali pa intaneti. Ayi ndithu, ndimawanyadira, kulemba buku mpaka kumapeto si masewera. N'chifukwa chake ndikukwiya: munthu wagona mochedwa zaka ziwiri, walemba pakandulo magetsi atazima, wamaliza ntchito yabwino, kenako n'kuiika pamalo pamene aphunzitsi ake a Chichewa sangafikepo. Nthawi ina mnzanu akadzatumiza linki, muyamikireni, kenako mumufunse mtengo wake m'makwacha ndi malo amene mungakalitenge Loweruka likubwerali. Akasowa yankho, muuzeni mwachikondi kuti ntchito idakalipo.